Petulo akudula chonchi, akumba mafuta achotsedweranji ntchito?

Ku Bembeke mwezi wa June munthu sagona pamaliro, amangowotha moto mpaka kuche, ndipo pamoto paja ndi pamene pamaweruzidwa anthu amene palibe. Pamaliro ena posachedwapa woweruzidwa anali mnyamata wa mudzi woyandikana nafe, wowotcherera zitsulo, amene wabwerako kunyanja ya mchere. Anagwirako zaka zingapo pakampani ina yokonza zipangizo za sitima zokumba mafuta. Ndalama zake anamangira mayi ake nyumba yamalata, nalipirira alongo ake sukulu. Lero ali pamudzi, akuthirira mbatata kudimba. Bambo wina wachikulire anagamula mlandu wonse yekha: "Ameneyu anaba, apo ayi ndi mowa. Petulo akudula chonchi, ife tikugona pamzere kuboma, kampani ya mafuta ingachotse munthu ati ndalama zavuta?" Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Atsibweni a mnyamatayo anali pomwepo. Anangowerama n'kumasonkhezera chikuni.

Pamaliro si pophunzitsira anthu, ndiye ndinasunga mawu. Koma ine ndakalambira pantchito yokumba zitsime za mafuta ndi gasi pansi pa nyanja, ku Angola ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo kalata imene mnyamatayo anapatsidwa ndinaiwerenga. Ndi ija yolembedwa kamodzi n'kusindikizira gulu lonse, dzina la munthu lokha ndi limene limasintha pamwamba. Chifukwa chake chinali mzere umodzi: kontirakiti ya sitima imene ankaitumikira yatha ndipo sinawonjezedwe.

Bodza la bambo aja ndatopa nalo. Ndimalimva m'minibasi, ndimalimva kutchalitchi, ndinalimvapo ngakhale kwa anthu ovala mataye. Muzu wake ndi maganizo oti kuli chinthu chimodzi chotchedwa kampani ya mafuta, chokhala ndi thumba limodzi, moti ndalama imene wakabaza walipira pomwetsa njinga yake ku Dedza imakagwera m'thumba lomwe amatapamo malipiro a wowotcherera zitsulo pakati pa nyanja. Thumba lotero kulibe.

Aliyense kuno anaonapo mjigo ukukumbidwa. Kumabwera chigalimoto chosenza nsanja, anyamata a maovolosi otuwa ndi fumbi, phokoso masiku angapo, madzi aphulika, alowetsa mapaipi, athira simenti, apakira, apita. Mudzi udzatunga pamjigopo zaka 20, koma anyamata aja simudzawaonanso. Madzi akavuta mu October, amayi n'kumalawirira mbandakucha kukaima pamzere, sindiye kuti okumba aja ali pantchito. Iwo amakhala pantchito pokhapokha wina akatulutsa ndalama zokumbira mjigo winanso. Akapanda kupezeka, chigalimoto chija chimangokhala pabwalo mumzinda, matayala akuphwa.

Kunyanja ndi momwemo, kungoti ndalama zake n'zoopsa. Tengani Coral Sul, chifakitale choyandama cha kampani ya Eni chimene chili kunyanja kufupi ndi gombe la Cabo Delgado. Chinamangidwa ku South Korea, chinafika ku Mozambique kumayambiriro kwa 2022, ndipo mu November chaka chomwecho chinatumiza kunja gasi wake woyamba. Chingathe kutulutsa matani 3.4 miliyoni a gasi wamadzimadzi pachaka, ndipo kampani ya BP inasainira kugula yense kwa zaka 20. Zitsime zimene zimadyetsa chifakitale chonsecho ndi 6 zokha. Sitima yotchedwa Saipem 12000 inazikumba, m'madzi akuya pafupifupi mamita 2,000, inamaliza gasi asanayambe n'kutuluka komwe, n'kunyamuka. Gasi adzatuluka mpaka ana obadwa lero adzalembe mayeso a fomu 4, koma ntchito yokumba inatha kale.

Ndiye mukamva kuti uje amagwira ku mafuta, funsani kuti amamulipira ndani. Pamwamba pamakhala mwini chilolezo, amene ife timati operator: Eni, TotalEnergies, Shell, BP. Ameneyu ndi amene anagwirizana ndi boma, ndipo mafuta akapezeka ndi iye amagulitsa. Koma kawirikawiri alibe sitima yokumbira. Amachita kubwereka kwa makampani a zokumba monga Transocean, Valaris, Noble kapena Seadrill, sitima pamodzi ndi anthu ake. Pansi pawo pali unyinji wa makampani a ntchito zapadera: othira simenti, oyeza miyala pansi pa chitsime, okonza makina, ophika, oulutsa helikopita, osakaniza matope. Matope ndikunenawa si a kudambo. Ndi madzi kapena mafuta osakaniza ndi dongo ndi mwala wolemera wopera, amene timapopera m'chitsime kuti aziziritse mano okumbira, atulutse zinyenyeswa za miyala, komanso kuti kulemera kwake kutsekereze gasi wapansi asakwere. Akapepuka pang'ono, gasi alowa m'chitsime. Akalemera mopitirira, mwala ung'ambika, matope onse n'kulowerera. Kwa ine wosakaniza matope ndiye wasunga moyo wa aliyense pasitima, koma pochepetsa anthu dzina lake silichedwa kutuluka, chifukwa si wa mwini sitima ndiponso si wa mwini chilolezo.

Ngozi ya Deepwater Horizon, pa 20 April 2010 ku Gulf of Mexico, inaonetsera dziko lonse mmene zimakhalira. Anthu amati inali ngozi ya BP, ndipo chitsime chinalidi cha BP. Koma nsanja yokumbirayo inali ya Transocean, simenti anathira ndi a Halliburton, ndipo mwa anthu 126 amene anali pamenepo, olembedwa ndi BP yeniyeniyo sanakwane 10. Anafa anthu 11, onse a makampani olembedwa ganyu.

Mwini sitima samalipidwa potengera mafuta amene apezeka. Amalipidwa pa tsiku, imene timati day rate, kaya chitsime chapeza mafuta kaya chapeza madzi amchere. Cha m'ma 2013 sitima yamakono yokumba m'madzi akuya inkatha kubwerekedwa pamadola oposa 600,000 tsiku limodzi. Chitsime chimodzi chotere chimatha kudya madola 100 miliyoni, ndipo zambiri mwa zitsime zofufuzira pamalo atsopano sizipeza mafuta okwanira kuchita nawo malonda. Tsopano dziikeni pampando wa mwini chilolezo mtengo wa mafuta ukagwa. Zitsime zakale simungatseke, chifukwa ndalama zozikumbira zinapita kale ndipo zikubweretsabe kangachepe. Ngongole kubanki simungakane. Chimene mungaimitse lero lomwe, ndi kalata imodzi, ndi chitsime chimene simunayambe. N'chifukwa chake chikwanje chimagwera ife a ntchito yokumba nthawi zonse.

Mu June 2014 mgolo wa mafuta osayenga, umene ndi malita 159, unali pamadola pafupifupi 115. Amereka anali atadzaza msika ndi mafuta ofinya m'miyala ya shale, ndipo mu November chaka chimenecho bungwe la OPEC linakana kuchepetsa mafuta amene mayiko ake amapopa. Pofika January 2016 mgolo unatsika kupitirira madola 30. Mu July 2015 kampani ya ku Italy ya Saipem inalengeza kuti ichepetsa antchito 8,800, ndipo mwezi womwewo Technip ya ku France inalengeza 6,000. Sitima zimene zinali ndi mwayi wopeza ntchito zinkalandira madola osakwana 200,000 pa tsiku. Seadrill inathawira kukhoti mu 2017 kuti itetezedwe kwa amene inali nawo ngongole. Anthu asanapume n'komwe, kunabwera mliri wa Covid-19. Pa 20 April 2020 mtengo wa mafuta ku Amereka unatsika kupitirira ziro kwa tsiku limodzi, chifukwa kosungira kunadzaza ndipo ena analolera kulipira kuti wina awachotsere mafutawo. Mu July chaka chimenecho Schlumberger inadula anthu 21,000, ndipo m'chaka chomwecho Diamond Offshore, Noble ndi Valaris zinapita kukhoti motsatizana. Ndikufunsa bambo aja a pamoto: anthu 8,800 aja onse anaba? A 21,000 aja onse anali zidakwa?

Sindikukana, wochotsedwa chifukwa cha khalidwe amakhalapo. Koma ameneyo amachoka yekha, tsiku lomwelo, ndi helikopita yoyamba. Za mowa ndiye musanene n'komwe, pasitima sulowa, ndipo munthu angathe kuyezedwa mpweya asanakwere helikopita. Kuchepetsa antchito kumaoneka mwina. Kumayamba ndi manong'onong'o m'chipinda chodyera, kenako mumaona kuti katundu wa chitsime chotsatira sakubwera, mapaipi amene amayenera kutsitsidwa pasitima akukwezedwa kubwerera kumtunda. Womvetsa zinthu amayamba kutumiza makalata ofunsira ntchito sabata yomweyo.

Sitima yosowa ntchito amaiimika, ndipo kuimika kulipo kuwiri. Akamayembekeza kontirakiti posachedwa amasiyamo anthu ochepa oti azilizako makina, imeneyo ndi warm stack. Akataya mtima amachita cold stack: kuzimitsa zonse, kumata mipata, kutseka zitseko, n'kusiya alonda. Ndinalowapo m'sitima yotere padoko. M'makonde muli mdima, mukununkha chinyontho ndi dzimbiri, makina a madola mamiliyoni atakulungidwa m'mapulasitiki, matumba a mankhwala oyamwa chinyezi atapachikidwa paliponse. Pabolodi la m'chipinda chodyera panali pakadali mndandanda wa zakudya za sabata imene anthu anachoka, ndipo m'kabati ina wina anaiwala jombo imodzi. Sitima zotere mumazipeza ku Walvis Bay ku Namibia, ku Las Palmas, ku Cromarty Firth ku Scotland. Kuidzutsanso imodzi kumafuna madola mamiliyoni makumimakumi, ndiye zambiri sizidzukanso, zimakaphwanyidwa kukhala zitsulo zogulitsa pasikelo.

Nanga mzere wa petulo kuboma? Umenewo uli ndi mwini wake wina. Malawi sagula mafuta osayenga. Timagula petulo ndi dizilo woyengayenga, amene amatsikira pamadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam n'kubwera makamaka pamathanki. Mtengo wapapampu amaika ndi a MERA, ndipo mkati mwake muli mtengo woyengera, wa sitima, wa thanki yodutsa malire, ndi misonkho yosiyanasiyana. Onse akunjawo amafuna madola. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mgolo pamsika wa dziko lonse unali wotsika mtengo kuposa mmene unalili pakati pa 2014. Mzere uja ndi wa kusowa kwa ndalama zakunja kuno kwathu. Pamsika wa dziko lonse mafuta angathe kukhala mbwee, okumba n'kumachotsedwa ntchito chifukwa cha kuchulukako, inu muli chigonere m'galimoto ndi chigubu. Ziwirizi zimachitikira pamodzi popanda chodabwitsa.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi kuchedwa kwake. Kontirakiti ya sitima imakhala ya zaka ziwiri, zitatu, nthawi zina zisanu, ndiye mtengo ukagwa lero anthu a pasitima sagwedezeka msanga. Oyamba kumva kuwawa ndi mainjiniya a muofesi, ojambula mapulani a zitsime ndi mapaipi a pansi pa nyanja, chifukwa ntchito yawo ndi ya zinthu zimene zidzamangidwe mtsogolo, ndipo mtsogolomo ndi mmene mwafufutidwa. A pasitima amadzatsatira kontirakiti ikatha, mwina patapita zaka ziwiri, nthawi imene wailesi ikulengeza kuti mafuta akweranso. Munthu amafika pamudzi tsiku lomwe mtengo wakwera, ndiye ndani angamukhulupirire? Ngakhale zinthu zikayamba kuyenda, eni zilolezo amayamba abweza ngongole ndi kusangalatsa eni masheya asanaganize zokumba. Makampani otsala amaphatikizana: Noble inaphatikizana ndi Maersk Drilling mu 2022, n'kugulanso Diamond Offshore mu 2024. Maofesi awiri akasanduka imodzi, owerengera ndalama awiri sakhalapo. Pansanja napo makina omanga ndi kumasula mapaipi analanda ntchito imene kale inkafuna amuna angapo amphamvu. Apa pokha sindidandaula, makinawo apulumutsa zala zambiri.

Nthawi zina sichikhala chifukwa cha mtengo n'komwe. Pa 24 March 2021 zigawenga zinalowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi Afungi pamene TotalEnergies imamanga fakitale ya gasi ya madola 20 biliyoni. Pa 26 April kampaniyo inalengeza force majeure, kutanthauza kuti chagwa n'choposa mphamvu zake ndipo mapangano onse ayamba aima. Msasa unakhuthulidwa, makampani aang'onoang'ono a ku Pemba amene anakongola ndalama kugula magalimoto ndi kumanga nyumba zogona alendo anatsala manja m'khosi. Gasi yense anali pansi pomwepo. Ku South Africa ndiye kunachitika china: kampani yomweyi inapeza gasi pa Brulpadda mu 2019, anthu anavina, koma mu 2024 inalengeza kuti ikuchokapo chifukwa sinaone njira yomugulitsira mopindula. Kupeza n'kwina, kupindula n'kwina, ndipo ntchito imatsata chachiwiricho.

Bodza lomweli lili ndi mphwake, amene amatuluka nthawi ya kampeni: ati tikadzayamba kukumba m'nyanja ya Malawi achinyamata onse adzapeza ntchito. Zoona zake n'zakuti pansi pa nyanja yathu pali matope ndi mchenga wokhuthala makilomita angapo, zimene akatswiri a Duke University anayeza m'ma 1980, ndipo malo otere angathe kusunga mafuta. Boma linagawa dziko m'zigawo 6. Mu 2011 Surestream Petroleum inapatsidwa zigawo 2 ndi 3 za kumpoto ndi pakati pa nyanja, zimene zinadzutsa mkangano wakale wa malire ndi Tanzania. Kenako kunamveka maina a SacOil, RAK Gas, Hamra Oil ndi Pacific Oil, ndipo mu 2014 boma linaimitsa zilolezo kuti liziunikenso. Mpaka lero palibe chitsime chofufuzira mafuta chimene chinakumbidwa m'nyanjamo. Kukumba kumene kunachitika ndi kwa asayansi mu 2005, pachombo cha Viphya, m'madzi akuya pafupifupi mamita 600, ndipo ankafuna matope owauza mbiri ya nyengo.

Tinene kuti mafutawo alimo. Sitima yokumbira ilowera kuti? Mu Shire muli mathithi. Ilala yomwe inabwera kuchokera ku Scotland zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Ikalowa, sitima yaikulu yokumbira imagona anthu pafupifupi 200, ndipo mipando yambiri imafuna munthu amene wakumba kale kwina zaka zambiri. Anzathu a ku Uganda anapeza mafuta kunyanja ya Albert mu 2006, koma chigamulo chomaliza choikapo ndalama chinadzabwera mu 2022, pamodzi ndi paipi ya makilomita 1,443 yopita ku Tanga. Mwana amene anauzidwa mu 2006 kuti aphunzire za mafuta anamera imvi akudikira. Ndipo nyanja yathu siitaya madzi msanga, ambiri amauluka ndi dzuwa, otuluka mu Shire ndi ochepa, moti chimene chatayikiramo chimakhalamo mibadwo. Ine ndimakonda ntchito yanga, koma sindingasinthanitse usipa ndi chambo cha asodzi masauzande ndi mabedi 200.

Ena kuno kumapiri amandibweretsera madzi a kudambo m'botolo, ati pamwamba pake pamayandama mafuta. Miyala ya Dedza ndi yakale, yolimba, yophikidwa ndi moto wapansi, simukhala mafuta. Kautoto konyezimira kaja kamachokera ku chitsulo cha m'dothi. Kakhudzeni ndi kamtengo: kakasweka tizidutswa ngati galasi, ndi chitsulo. Mafuta enieni amabwererana n'kulumikizananso.

Kwa amene muli ndi mwana kunyanja, kapena amene mukufuna kupitako, ndinene mwachidule, ndipo ine sindine loya. Werengani tsiku limene kontirakiti ikutha, osati yanu yokha komanso ya sitimayo, ndipo musatenge ngongole yopitirira tsikulo. Ambiri amagwira masiku 28 n'kupuma 28, koma olembedwa kudzera mwa maejenti nthawi zambiri amalipidwa masiku a pasitima okha, ndiye malipiro amene mwauzidwa agaweni pawiri musanalonjeze achibale chilichonse. Funsani kuti kontirakiti ikutsata malamulo a dziko liti. Lamulo lathu la Employment Act limapereka malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira munthu akachotsedwa mosalakwa, la ku South Africa limayambira pa sabata imodzi, koma makontirakiti ambiri a kunyanja amalembetsedwa kumayiko ena kumene mwina simungapeze kanthu. Phunzirani luso loyenda nalo, monga kuwotcherera kwa mapepala, zamagetsi kapena makina a mphamvu ya oyilo, chifukwa limenelo limafunikanso kumigodi, kumafakitale a shuga ndi kumalo opangira magetsi a dzuwa ngati a ku Golomoti. Satifiketi yodzipulumutsira panyanja, yotchedwa BOSIET, imatha mphamvu pakapita zaka 4, ndiye musathamangire kuilipirira musanaone kumene ntchito ikuchokera.

Nthawi imene anthu akuchotsedwa ndi imenenso akamberembere amachuluka pa WhatsApp ndi pa Facebook, kulonjeza ntchito za pasitima ku Namibia kapena ku Qatar, bola mutumize kaye ndalama ya fomu, ya chipatala ndi ya viza. Kampani yeniyeni siipempha ndalama kwa wofuna ntchito. Mufunseni munthuyo dzina la sitimayo. Sitima zikuluzikulu zimaoneka pa intaneti pamene zili, ndipo mwana aliyense wa sekondale amene ali ndi foni angakufufuzireni mphindi zochepa. Mukapeza kuti yakhala chiimire ku Walvis Bay kapena ku Las Palmas miyezi yambiri, kapena wolonjezayo akuzemba kutchula dzina, ndalama ya mbatata ija musatumize.